Gule wa pa katoni ndi ntchito ya wokonza mapositala

Mukatsika minibasi pa Nchalo masana, dzuwa lili paliwombo, tayang'anani makoma a mashopu ndi mapolo a magetsi. Pali chikwangwani cha babashopu chomwe wina anachilemba ndi burashi zaka zapitazo, pali bana ya msonkhano wa chitsitsimutso, pali mapositala a dansi ya Loweruka omatidwa pamwamba pa a dansi ya mwezi watha. Zolembedwa pamanja zija zimasiyana. Mukhoza kudziwa kuti dzanja lomwe linalemba pa golosale iyi si lomwe linalemba pa butchala iyo. Koma zatsopanozi, zotuluka mu foni ndi mu kompyuta, zikunka zifanana ngati mapasa: nkhope zisanu, mitundu isanu ndi iwiri, malawi a moto kumbuyo, zilembo zonyezimira ngati golide, pomwe tsiku lenileni la mwambowo muyenera kuchita kuyandikira n'kutsinzinira kuti mulipeze. Za ku Dyeratu, za ku Ngabu, za ku Bangula, kusiyana kwake ndi maina okha.

Ntchito yokonza mapositala, malogo ndi zikwangwani ndi imene imandidyetsa, choncho kufanana kumeneku kumandipweteka mtima. Vuto si kusowa zipangizo ayi. Mnyamata wa pa Ngabu yemwe ali ndi foni ya Android ndi pulogalamu ya PixelLab kapena Canva ali ndi zida zomwe akatswiri a zaka makumi asanu zapitazo sankazilota n'komwe. Chomwe chikusowa ndi kaganizidwe, kudziwa chosiya ndi chochotsa, kudziwa pomwe diso la wowerenga lilowere ndi pomwe liime. Malo amodzi omwe kaganizidwe kameneka kamaonekera poyera ndi m'bwalo la gule yemwe ambiri timamutcha breakdance, pomwe eni ake amati breaking. Sindikunena kuti tiziika chithunzi cha mnyamata wozungulira ndi mutu pa positala iliyonse. Ndikunena za momwe ovina gule ameneyu amagwirira ntchito yawo.

Gule ameneyu anabadwira ku Bronx, dera la mumzinda wa New York ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pakati pa achinyamata akuda ndi ena omwe makolo awo anachokera ku Puerto Rico. Bronx ya nthawi imeneyo inali pamavuto adzaoneni. Msewu waukulu wa Cross Bronx Expressway unang'amba pakati madera okhalamo anthu, mabanja ambiri anasamutsidwa, ntchito zinasowa, ndipo nyumba zosanja zinkapsa pafupipafupi, zina zikuotchedwa dala ndi eni ake pofuna ndalama za inshulansi. Ana omwe anakulira pakati pa mabwinja amenewa ndi omwe anayambitsa chikhalidwe cha hip hop, chomwe chili ndi nthambi zinayi: kuimba malekodi, kulankhula motsatira ng'oma pa maikolofoni, kuvina, ndi kulemba maina pa makoma ndi pa masitima. Nthambi zimenezi sizinali za anthu osiyana. Mnyamata yemweyo ankatha kuvina Loweruka, Lamlungu usiku n'kukalemba dzina lake pa sitima. Ubale wa gule ndi zilembo unayambira pomwepo.

Tsiku lomwe ambiri amati hip hop inabadwa ndi pa 11 Ogasiti 1973. Mtsikana wina, Cindy Campbell, ankafuna ndalama zogulira zovala za kusukulu, ndiye anakonza dansi m'chipinda chochezera cha nyumba yomwe ankakhala, pa 1520 Sedgwick Avenue. Woimba malekodi anali mchimwene wake Clive, wobadwira ku Kingston m'dziko la Jamaica, yemwe lero amadziwika kuti DJ Kool Herc. Chomwe chimandigwira mtima ine pa nkhaniyi ndi kapepala koitanira anthu. Kanali kakhadi kakang'ono kolembedwa pamanja: dzina la Herc, malo, tsiku, nthawi, maina angapo a alendo apadera, ndi mtengo wolowera, masenti 25 atsikana, masenti 50 anyamata. Basi. Umboni woyamba wolembedwa wa chikhalidwe chomwe lero chafika dziko lonse ndi ntchito yofanana ndi yomwe timagwira ife, ndipo panalibe chilichonse chosafunikira.

Herc anaona chinthu chimodzi chomwe ena sanachilabadire. Mu nyimbo zambiri za nthawi imeneyo, monga za James Brown, mumakhala kachigawo komwe woimba amakhala chete, magitala ndi malipenga n'kusiya, n'kutsala ng'oma zokha. Kachigawo kameneka kamatchedwa break, ndipo ovina ankachita kukadikira. Vuto n'lakuti kamatha msanga. Herc anagula malekodi awiri ofanana, n'kuwaika pa makina awiri oimbira, ndipo break ikatha pa lekodi imodzi ankayiyambitsa pa inayo, mobwerezabwereza. Anyamata ndi atsikana omwe ankalowa m'bwalo pa nthawi imeneyi anatchedwa ma b-boy ndi ma b-girl.

Taganizirani bwino zomwe munthuyu anachita. Sanawonjezere kanthu pa nyimbo. Anachotsa zonse n'kusiya chokhacho chomwe chinkagwedeza anthu, kenako n'kuchikulitsa. Ntchito ya wokonza positala ndi yomweyi, ngakhale ambiri aife timachita zosiyana nazo. Kasitomala amabwera ndi zinthu khumi: chithunzi chake, cha akazi awo, vesi, manambala atatu a foni, maina a oyimba onse, mawu othokoza omwe athandiza. Funso loyamba lisakhale lakuti ndiziika pati zonsezi, koma lakuti ng'oma yake ndi iti. Pa dansi, ng'oma ndi dzina la woimba ndi tsiku. Pa malonda a ng'ombe pa Ngabu, ng'oma ndi malo ndi nthawi. Zinazo zikhoza kulowa, koma zilowe motsitsa mawu.

Kuno kwathu nkhaniyi si yongokometsera zinthu. Ife a m'chigwa cha Shire tinaona madzi a mu Januwale 2015, tinaona Ana mu Januwale 2022, tinaona Freddy mu Malichi 2023, kuphatikizapo kolera yemwe anavuta m'dziko muno zaka zomwezo. Nthawi zoterezi makoma a zipatala ndi masukulu amadzaza ndi mauthenga. Ndaonapo mapepala ochenjeza anthu za kusefukira kwa madzi omwe gawo lalikulu la m'munsi ladzaza ndi malogo a mabungwe, pamwamba pali ndime zitatu za tizilembo ting'onoting'ono, ndipo mawu omwe angapulumutse moyo, oti samukirani kumtunda ndi dzina la malo othawirako, abisala pakati. Mayi wa ku Makhanga yemwe ali ndi mwana kumsana ndi katundu pamutu alibe nthawi yowerenga ndime. Pepala lotere likufunika munthu woganiza ngati Herc.

Hip hop itakula, madansi anachuluka, ndipo panabadwa akatswiri okonza timapepala toitanira anthu. Awiri odziwika kwambiri ndi Phase 2 ndi Buddy Esquire, onse oyambira ku kulemba pa makoma ndi masitima. Phase 2 ndi yemwe amatchulidwa kuti anayambitsa zilembo zonenepa zooneka ngati zofufuma zomwe lero ana amajambula m'makope awo dziko lonse. Buddy Esquire, yemwe dzina lake lenileni linali Lemoin Thompson, anakonza timapepala mazanamazana kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mpaka anapatsidwa dzina loti mfumu ya timapepalati. Analibe kompyuta. Zida zake zinali kampeni kakuthwa, guluu, rula, zithunzi zodula, ndi mapepala a Letraset, omwe amakhala ndi zilembo zoti munthu azikhutiza chimodzichimodzi kuti zimamatire pa pepala lina. Kalembedwe kake anakatcha neo-deco, potengera maonekedwe a nyumba zakale zoonetseramo kanema, za mizere yowongoka ndi makona okongola. Anamwalira mu 2014, Phase 2 mu 2019, ndipo timapepala tambiri ta nthawi imeneyo tikusungidwa ku Cornell University ngati chuma cha mbiri.

Pali zinthu ziwiri pa anthu amenewa zomwe zimandithandiza tsiku ndi tsiku. Choyamba, zambiri mwa ntchito zawo zinali za inki yamtundu umodzi, chifukwa kusindikiza mitundu yambiri kunali kodula. Mphamvu yonse inkachokera ku kukula kwa zilembo, mizere, ndi mpata wosiyidwa woyera. Ife kuno tili ndi chifukwa china chophunzirira zimenezi, chomwe ndi dzuwa lathu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo positala ya mitundu yambiri ikakhala pakhoma masabata ochepa, yofiira ndi yachikasu imayamba kuthawa, n'kutsala chibuluu chotuwa. Ngati uthenga wanu umadalira zilembo zofiira pamwamba pa chithunzi, wapita. Chakuda pa choyera chimapirira, komanso fotokope yake ndi yotchipa. Ine ndisanapereke ntchito ndimayamba ndaichotsa mitundu yonse pa kompyuta. Ikawerengeka ili choncho, ndiye kuti yaima pa miyendo yake.

Chachiwiri, ngakhale anthuwa ankadziwa kulemba zilembo zopotanapotana za pa masitima, timapepala tawo todziwika bwino n'ta zilembo zoyera, zowerengeka. Olemba pa makoma ali ndi kalembedwe kotchedwa wildstyle, komwe zilembo zimapindika, kukolana, kutulutsa mivi, ngati thupi la wovina lomwe lapotoka pansi. N'kokongola zedi, ndipo kamaphunzitsa kuti chilembo chili ndi msana, chiuno ndi miyendo, chikhoza kuwerama kapena kudumpha. Koma wildstyle analembera anzawo odziwa, osati munthu wodutsa. Buddy Esquire ankadziwa kuti kapepala ka dansi kali ndi ntchito yodzaza holo. Wachinyamata wa kuno yemwe wangodziwa kumene zilembo za pa makomazi, zomwe amati graffiti, pa intaneti n'kuziika pa chikwangwani cha sitolo ya mankhwala watenga khungu n'kusiya nyama.

Tsopano tilowe m'bwalo momwemo, chifukwa ndi momwe muli phunziro lalikulu. Wovina breaking akalowa, kawirikawiri sapitirira mphindi imodzi, ndipo kanthawi kochepako kali ndi dongosolo. Amayamba ataimirira, kuponda motsatira ng'oma, kudzionetsa kuti ndine uje ndafika. Gawoli amati toprock. Kenako amatsikira pansi, manja n'kugwira nthaka, miyendo n'kumayenda mozungulira thupi, komwe amati footwork. Ena amaonjezera zamphamvu zija zomwe anthu amakuwira, kuzungulira ndi msana, ndi mapewa, ndi mutu. Pamapeto pake amauma mwadzidzidzi, thupi lonse n'kuima chilili pa dzanja limodzi kapena pa phewa, ndendende pomwe ng'oma yagunda. Kuuma kumeneku amati freeze.

Diso la munthu pa pepala limayendanso chimodzimodzi. Limafuna polowera, limafuna njira, limafuna poima. Positala yambiri ya kuno ili ngati wovina yemwe walowa m'bwalo akuzungulira kale ndi mutu, osapereka moni, osaima, mpaka kutuluka. Anthu akuwa, koma mukawafunsa mawa sakumbukira kanthu. Freeze ndi yomwe imatsala m'mutu, ndipo freeze yabwino imadziwika ndi mthunzi wake wokha. Mutathimitsa magetsi n'kuwalitsa tochi kumbuyo kwa wovinayo, mukhoza kuzindikirabe kuti mwendo uli uku, chigongono chili apa. Logo yabwino ndi choncho. Chuck D wa gulu loimba hip hop la Public Enemy, yemwe anaphunzira za dizaini ku Adelphi University, anajambula yekha chizindikiro cha gulu lawo: mthunzi wakuda wa b-boy atapinda manja pachifuwa, ali pakati pa poloza mfuti. Palibe nkhope, palibe mitundu, koma amene anachiona kamodzi sachiiwala. Keith Haring, yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ankajambula ndi choko pa mapepala akuda m'masiteshoni a sitima zapansi ku New York, anatenga matupi a ovina amenewa, ozungulira ndi mutu ndi opinda manja m'makona, n'kuwasandutsa mizere yochepa yokhuthala, ndi timizere ting'onoting'ono m'mbali tosonyeza kugwedezeka. Chithunzi chaima, koma mumamva ng'oma.

Mukapatsidwa ntchito ya logo ya gulu la akabaza, kapena ya kalabu ya alimi a thonje, yesani kuidetsa yonse ikhale mthunzi, kenako muichepetse ifanane ndi kachithunzi ka pa WhatsApp. Ngati njinga ikuonekabe kuti ndi njinga, freeze yagwira.

Pali mkangano wakale pakati pa ovina womwe ndimaumva ngati ukunena za ife. Akuluakulu a guleyu amadandaula kuti ana amathamangira kuphunzira kuzungulira ndi mutu asanadziwe six-step, masitepe asanu ndi limodzi oyenda mozungulira pansi omwe ndi maziko a footwork yonse. Wopanda maziko amadabwitsa anthu kamodzi, koma akakumana ndi wodziwa amaonekera ng'amba, chifukwa sakumva nyimbo. Kwa ife kuzungulira ndi mutu ndi mithunzi ya zilembo, kunyezimira, utsi, malawi. Six-step yathu ndi zinthu zosasangalatsa kuziphunzira: mpata pakati pa zilembo, kulunjikitsa mizere kumbali imodzi, kusiya malire m'mphepete kuti wodula pepala asadule nambala ya foni, kusankha mitundu iwiri ya zilembo n'kukhala nayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo maziko athu ali ndi zovuta zawozawo zomwe maphunziro a pa YouTube sakamba. Ma template ambiri, mapangidwe okonzeratu omwe munthu amangoikamo mawu ake, anakonzedwera Chingerezi, chomwe mawu ake ndi aafupi. Liwu loti chitsitsimutso lili ndi zilembo 14. Mukaliika pamalo omwe anakonzera liwu la zilembo zisanu, mumayamba kulifinya mpaka zilembo kuonda ngati nzimbe zosowa madzi, kapena kulidula pakati molakwika. Tili ndi ng' ndi m' omwe kachizindikiro kawo kamasowa kapena kutembenuka mu zilembo zina zokongoletsa, moti ng'ombe imasanduka ngombe. Ku Nsanje ndi ku Marka kuli Chisena, chomwe chimati pinthu pomwe ife timati zinthu, ndipo uthenga wolembedwa m'chilankhulo chomwe munthu amalankhula kunyumba umamuimitsa kuposa mtundu uliwonse wowala. Wovina amasintha sitepe kuti igwirizane ndi kutalika kwa miyendo yake. Ifenso dongosolo la pepala liyenera kuyambira pa mawu athu, osati mawu athu kukakamizidwa kulowa m'malaya a eni.

Breaking savinira pa siteji kwenikweni. Kwawo kwake ndi bwalo lozungulira lomwe amati cypher: anthu aima mozungulira, mmodzi alowa, atuluka, wina alowa kukayankha. Palibe woitana maina. Ukalowa ndi zosapsa, bwalo limazizira, ndipo umadziwa wekha. Kwa munthu wa kuno zimenezi si zachilendo. Likhuba, utse, magule ovinidwa pa ulimba ku Nsanje, gule wamkulu wa Amang'anja ku Chikwawa, onsewa amadziwa bwalo. Amene anaonerapo gule wamkulu amadziwa momwe ng'oma ya mbalule imalankhulirana ndi mapazi a gule, wina kufunsa wina kuyankha. Kumvana kumeneku ndi komwe oweruza breaking amafuna akamanena kuti wovina akumva nyimbo. Sitikufunika kupita ku New York kuti tikaphunzire kuti kugunda kumafuna mpata wa chete pakati pake, kapena kuti chinthu chobwerezedwa katatu chimakoma chikasinthidwa kachinayi. Tinakulira momwemo. Chomwe sitinachite ndi kutengera nzeru imeneyi pa pepala: mizere itatu yofanana kukula, wachinayi n'kuphulika.

Chomwe okonza mapositala kuno tilibe ndi bwalo lathu. Aliyense amagwira yekha, pa foni yake, n'kutumiza kwa kasitomala, n'kuika pa status, anzake n'kuyankha ndi tizithunzi ta moto. Palibe amene amakuuza kuti achimwene, apa tsiku silikuoneka. Ovina amakula msanga chifukwa amaonedwa ndi anzawo odziwa sabata iliyonse, ndipo mpikisano wawo, womwe amati battle, ndi wa maso ndi maso: wachita ichi, ine ndichita chomwecho mwanjira yanga, n'kuonjezera.

Apa ndi pomwe pamabwera lamulo lomwe ndimalilemekeza koposa. M'chikhalidwe cha breaking, kuba sitepe ya mnzako n'kuivina ngati yako amati biting, ndipo ndi chamanyazi kwambiri. Ovina ali ndi chizindikiro cha manja chomwe amapanga pomwepo m'bwalo kusonyeza kuti izi taziona kale kwa uje. Komatu chikhalidwe chomwechi chinamangidwa pa malekodi a anthu ena, ndipo masitepe ake ena anachokera ku magule achilatini, ku mafilimu a kung fu, ku masewera olimbitsa thupi. Kusiyana kuli pakuti chomwe watenga uyenera kuchitembenuza mpaka chikhale ndi fungo lako, komanso uzitha kunena komwe unachitenga. B-boy weniweni amatchula yemwe anamuphunzitsa. Template ya Canva yomwe mwangosintha dzina ndi biting yeniyeni, ndipo ndi chifukwa chake makoma a Dyeratu ndi a Bangula akufanana. Kutenga mpangidwe wa zilembo za mkulu uja analemba pa golosale ndi burashi, kuujambula ndi foni, kuukonza pa kompyuta, n'kupita kukawauza bambowo kuti ntchito yanu ndaigwiritsa motere, ndiye kutembenuza. Zotengera kuno sizisowa: maluko a mphasa ndi nsengwa, mizere ya minda ya nzimbe, mpangidwe wa mgwalangwa wa ku Elephant Marsh, mutu wa bwato, mitanda ya ulimba yomwe imanka ifupika.

Pa gule wamkulu ndiyenera kuchenjeza. Bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse, ndipo oyimba ngati Tay Grin anasonyeza kuti hip hop ya Chimalawi ikhoza kuimirira pa chikhalidwe chathu. Koma gule ali ndi eni ake ndi miyambo yake. Kuika nkhope ya gule pa positala ya mowa chifukwa choti ikuoneka bwino ndi kuchita zomwe ochita malonda anachitira breaking.

Zomwe zinachitikazo n'zakuti cha m'ma 1983 ndi 1984 gule wa breaking anatchuka mwadzidzidzi. Gulu la Rock Steady Crew, lomwe linayamba mu 1977, linaonekera m'mafilimu ndi kuyenda maiko, ndipo pa mwambo wotsekera masewera a Olympics ku Los Angeles mu 1984 panali ovina breaking ambirimbiri. Makampani anamugwiritsa ntchito potsatsa chilichonse, atatopa naye n'kumutaya ngati chikhakha cha nzimbe. Anamusunga ndi ovina okha, ku New York komweko komanso ku Ulaya, Japan ndi South Korea. Mpikisano wa Battle of the Year unayamba ku Germany mu 1990, wa Red Bull BC One mu 2004. Mu Ogasiti 2024 breaking inalowa m'masewera a Olympics ku Paris, komwe Ami wa ku Japan anapambana mbali ya akazi ndipo Phil Wizard wa ku Canada mbali ya amuna, Africa ikuimiriridwa ndi ovina a ku Morocco. Ku Los Angeles mu 2028 guleyu sadzakhalako. Oweruza asanu ndi anayi a ku Paris ankayang'ana zinthu zisanu: luso loyendetsa thupi, kuchuluka kwa mitundu ya masitepe, kuchita mosaphonya, kumvana ndi nyimbo, ndi kukhala ndi zakezake. Ndinazilemba pa kapepala n'kumata pamwamba pa kompyuta yanga, chifukwa positala ikhoza kufunsidwa mafunso asanu omwewo, bola pomwe pali nyimbo muikepo uthenga.

Kufanana kwa gule ndi ntchito yathu kuli ndi malire, ndipo sindikufuna kuwabisa. Wovina amavinira dzina lake, pomwe ife timagwirira dzina la wina. Abusa akafuna chithunzi chawo chikule kuposa tsiku la msonkhano, mukhoza kuwafotokozera mwaulemu, kuwaonetsa mitundu iwiri kuti asankhe, koma ndalama ndi zawo. Malipiro ake kawirikawiri ndi ochepa moti munthu amakakamizika kupanga mapositala asanu pa tsiku, ndipo template imaoneka ngati mpulumutsi. Magetsi amazima ntchito ili pakati. Bana yaikulu nthawi zambiri iyenera kukwera mapiri kupita ku Blantyre kukasindikizidwa, ndipo ikabwera ndi cholakwika, kubweza ndi ndalama ina. Koma ovina a ku Bronx aja analibenso holo yovinira. Ankatola makatoni a mafiriji otayidwa ndi zidutswa za kapeti wa pulasitiki, n'kuyala pa msewu kuti msana uziterera. Masitepe ena omwe lero akuvinidwa ku Paris anatheka chifukwa cha katoni.

Bwalo la okonza mapositala silifuna zambiri. Anthu anayi kapena asanu, a pa Nchalo, a pa Ngabu, wina wa burashi wina wa foni, akumane Loweruka pansi pa mtengo. Mawu akhale amodzi kwa onse, mwachitsanzo uthenga wa katemera wa ng'ombe kapena wa mpira wa Lamlungu. Mphindi makumi atatu, inki yakuda yokha, pepala la A4. Zikatha, azimate pakhoma moyandikana, awoloke msewu wa M1, aime tsidya linalo. Kenako aitane achimwene a kabaza omwe akudikira pasiteji ndi mayi ogulitsa masau, awafunse kuti pa mapepala asanuwo ndi liti lomwe akutha kuwerenga ali pomwepo, ndipo likuti chichitike liti, kuti.